Kulemba nkhani pa Wikipedia ya Chichewa: kuyambira potsegula akaunti mpaka nkhani itakhazikika

Wikipedia ndi nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti imene aliyense amawerenga osalipira, ndipo aliyense angathe kuikonza. Anaiyambitsa ndi Jimmy Wales ndi Larry Sanger pa 15 Januwale 2001. Makompyuta amene amaisunga amayang'aniridwa ndi bungwe la Wikimedia Foundation, koma bungwelo silimalemba nkhani. Olemba ndi anthu ongodzipereka, ndipo chilankhulo chilichonse chili ndi Wikipedia yakeyake yokhala ndi olemba akeake. Ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni. Yathu ya Chichewa, imene imapezeka pa ny.wikipedia.org ndipo imatumikira olankhula Chichewa ndi Chinyanja ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi kwina konse, yangodutsa pang'ono nkhani 1,000, ndipo zambiri mwa izo ndi zamizere yowerengeka chabe.

Kuchepa kumeneku kuli ndi mbali ziwiri. Malo olembapo alipo ambiri, koma anthu oona zolakwa ndi ochepa. Chimene mwalemba molakwika pa Wikipedia ya Chingerezi kawirikawiri wina amachikonza msanga. Pa ya Chichewa chingathe kukhala zaka, ana asukulu akuchikopera m'makope. Malangizo onsewa atsamira pa mfundo imodzi: sonkhanitsani kaye magwero, kulemba kubwere pambuyo.

Malamulo atatu amene amagwetsa olemba atsopano

Loyamba: mfundo iliyonse imene wina angaikayikire iyenera kukhala ndi gwero lofalitsidwa, monga buku, nyuzipepala kapena lipoti, kuti wowerenga akadzionere yekha. Kudziwa kwanu kuti chinthu ndi choona sikokwanira.

Lachiwiri: nkhani isakondere. Simulemba kuti "mtsogoleri wathu wokondedwa" kapena "woimba wotchuka koposa onse". Mumalemba zimene munthuyo anachita ndi chaka chake. Pamene anthu amasiyana maganizo, mumanena kuti uyu akuti chakuti, uyo akuti chakuti, aliyense ndi gwero lake.

Lachitatu ndi limene limawawa kwa ife: Wikipedia silandira kafukufuku wanuwanu. Mbiri ya mudzi imene munamva kwa agogo, ngakhale ili yoona, singalowe m'nkhani ngati sinafalitsidwe kwina. Lamuloli limatipondereza chifukwa mbiri yathu yambiri ili m'mitu ya anthu osati m'mabuku, ndipo olemba a ku Africa akhala akulidandaula kwa nthawi yaitali. Komabe ndilo likugwira ntchito. Njira yake ndi yozungulira: mbiriyo iyambe yatuluka m'nyuzipepala, m'buku kapena m'kafukufuku wa ku yunivesite, kenako inu mutchule chofalitsidwacho.

Gawo 1: Tsegulani akaunti

Mungathe kukonza nkhani popanda akaunti, koma simudzakhala ndi tsamba loyesererapo lodalirika, simudzatha kuika zithunzi, ndipo ntchito yanu sidzasonkhana pa dzina limodzi. Pitani pa ny.wikipedia.org, mulembe Special:CreateAccount m'bokosi lofufuzira. Mayina a Chingerezi a masamba apaderawa amagwira ntchito pa Wikipedia ya chilankhulo chilichonse, choncho ndi amene tikugwiritsa ntchito pano. Mabatani nawo ena amaoneka m'Chichewa, ena m'Chingerezi, malinga ndi pamene omasulira anafika.

Dzina lolowera liganizireni bwino, chifukwa chilichonse chimene mudzalemba chidzaoneka poyera pa dzinalo mpaka kalekale. Ngati mudzalemba za ndale kapena za mikangano ya ufumu, dzina lanu lenileni lingakuvutitseni. Musagwiritse ntchito dzina la kampani, mpingo, sukulu kapena bungwe. Akaunti zotere zimatsekedwa, popeza akaunti imodzi ndi ya munthu mmodzi. Ikani imelo ngakhale sakukukakamizani: mukaiwala pasiwedi mulibe imelo, akauntiyo yapita basi. Akaunti yomweyo mudzalowera nayo pa Wikipedia zonse, pa Wikimedia Commons (nkhokwe ya zithunzi) ndi pa Wikidata (nkhokwe yolumikiza nkhani za zilankhulo zosiyanasiyana).

Vuto lofala kuno kwathu ndi uthenga wonena kuti adilesi yanu ya IP (nambala imene foni kapena kompyuta yanu imadziwika nayo pa intaneti) ndi yotsekedwa, inu musanalembe kanthu. Makampani a mafoni amagawira anthu ambiri adilesi imodzi, ndiye wina akaononga nkhani n'kutsekeredwa, ena onse amakodwa nawo. Komanso Wikipedia imatseka VPN (mapulogalamu obisa adilesi yanu ya IP) ndi mapulogalamu otsegulira intaneti amene amadutsitsa masamba pa makompyuta awo kuti achepetse data. Zimitsani VPN, tsegulani ndi Chrome kapena Firefox wamba, kapena sinthani netiweki. Zikakanikabe, uthenga wotsekawo umakhala ndi malangizo opemphera chilolezo chapadera, ndipo muyenera kukopera nambala ya IP yolembedwa pamenepo m'pempho lanu.

Ngati mukuphunzitsa gulu m'chipinda chimodzi, dziwani kuti adilesi imodzi ya IP imaloledwa kutsegula maakaunti 6 okha pa maola 24. Uzani ophunzira atsegulire kunyumba lisanafike tsikulo, apo ayi wachisanu ndi chiwiri adzangokhala manja lende.

Gawo 2: Yambani ndi kukonza zolemba ena

Musathamangire kulemba nkhani yatsopano tsiku loyamba. Tsegulani Special:ShortPages kuti muone nkhani zazifupi kwambiri, musankhe imodzi ya mutu umene mukuudziwa. Dinani chizindikiro cha pensulo kapena batani la "Edit". Pali njira ziwiri zokonzera. VisualEditor imaonetsa tsamba monga mmene lidzaonekere, ndipo ndi yosavuta kwa oyamba. Inayo imaonetsa zilembo ndi zizindikiro zake zonse. Imeneyi imaoneka yoopsa poyamba koma imatseguka msanga pa netiweki yofooka, ndipo ikavuta nkhani ndi imene imakuonetsani pamene palakwika.

Konzani kalembedwe ka mawu, wongolani chiganizo chimene chikumveka Chingerezi, kapena onjezani gwero. Musanadine "Publish changes" lembani m'kabokosi ka chidule zimene mwachita, monga "ndakonza chaka, ndaonjezera gwero". Ambiri amakalumpha kabokosika, koma ndi kamene kamachititsa olemba ena kukukhulupirirani. Kenako tsegulani "View history". Mmenemo muli kusintha kulikonse kuyambira tsiku limene nkhaniyo inayamba, ndipo kulikonse kungathe kubwezedwa. Choncho musaope kuti muononga zinthu.

Gawo 3: Sankhani mutu, fufuzani ngati ulipo kale

Lembani mutuwo m'bokosi lofufuzira m'njira zingapo: ndi ŵ komanso ndi w, m'Chichewa komanso m'Chingerezi, "Nyanja ya Chilwa" komanso "Chilwa" yekha. Nkhani zobwereza zimabadwa chifukwa cha kusiyana kwa kalembedwe kotereku.

Mutu uyenera kukhala umene magwero osachepera awiri kapena atatu odziimira paokha anaulembapo mozama. Kutchulidwa dzina pamzere umodzi si kulembedwa mozama. Boma, phiri, mtsinje, mbewu, matenda, gule, lamulo la dziko: mitu yotere siivuta. Imene imavuta ndi ya anthu amoyo, magulu oimba atsopano, mabizinesi ndi mipingo ing'onoing'ono. Musalembe za inu mwini, za abwana anu kapena za m'bale wanu. Ngati wina akukulipirani kuti mulembe, malamulo a Wikimedia kuyambira 2014 amafuna kuti muulule poyera amene akukulipiraniyo.

Gawo 4: Sonkhanitsani magwero

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo pamatenga nthawi yoposa kulembako. Gwero siliyenera kukhala la Chichewa. Mungathe kulemba nkhani ya Chichewa mukutchula buku la Chingerezi kapena la Chipwitikizi. Siliyeneranso kukhala la pa intaneti: buku la mulaibulale ndi gwero labwino, bola mulembe mlembi, mutu wa buku, wosindikiza, chaka ndi nambala ya tsamba.

Za chiwerengero cha anthu ku Malawi, pitani ku malipoti a National Statistical Office ya ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo lipoti lake limagawa chiwerengerocho boma ndi boma. Polemba nambala yotere nthawi zonse tchulani chaka chake, chifukwa "anthu alipo 17 miliyoni" popanda chaka imasanduka bodza pakapita nyengo. Za mbiri yakale, The Society of Malawi Journal ili ndi nkhani zambiri, ndipo laibulale ya bungwelo ili ku Mandala House ku Blantyre. Za malamulo ndi zigamulo za makhothi pali tsamba la pa intaneti la MalawiLII. Za umoyo pali Malawi Medical Journal, imene imawerengedwa ulere, ndi masamba a World Health Organization. Za zochitika za masiku ano pali nyuzipepala zokhala ndi akonzi, monga The Nation ndi The Daily Times.

Zimene si magwero: uthenga wa pa WhatsApp, zolemba za pa Facebook, tsamba limene munthu amalemba yekha popanda mkonzi, ndi Wikipedia imene. Nkhani ya Wikipedia ya Chingerezi simungaitchule ngati gwero. Tsikirani pansi pake, mutsegule magwero amene iyo yatchula, muwawerenge nokha, ndipo mutchule amenewo. Chimodzimodzi mapulogalamu a AI ocheza nawo aja: amatha kupeka dzina la buku, mlembi ndi nambala ya tsamba zooneka zenizeni koma kulibeko. Gwero limene simunalitsegule ndi maso anu musaliike.

Masamba a pa intaneti amafa, makamaka a nyuzipepala ndi a maofesi akasintha maonekedwe. Mukapeza tsamba labwino, pitani pa web.archive.org, muike linki yake pa "Save Page Now". Mudzalandira linki yachiwiri yosungidwa imene idzagwirabe ntchito loyambalo litazimiririka. Ikani zonse ziwiri m'gwero lanu.

Kwa amene apitirira: mukakwanitsa kusintha 500 ndi miyezi 6 chitsegulireni akaunti, muli ndi kusintha 10 m'mwezi wapitawo ndipo simunatsekeredwe, mumaloledwa kulowa mu Wikipedia Library, momwe mumawerenga ulere magazini a kafukufuku olipiritsa monga a pa JSTOR.

Pa pepala kapena m'foni, lembani mfundo imodziimodzi ndi gwero lake pambali. Kenako tsekani mabukuwo, mulembe nkhani kuchokera pa mfundo zanuzo. Mukamalemba buku lili chitsegulire, mosazindikira mumakopera ziganizo zake, ndipo kumasulira buku la mwini mawu ndi mawu ndi kuba ntchito ya mwini ngakhale mwasintha chilankhulo. Nkhani zokopera zimafufutidwa.

Gawo 5: Lembani pa tsamba loyesererapo

Lembani Special:MyPage/sandbox m'bokosi lofufuzira, mutsegule tsambalo. Ndi lanu, mungalembe ndi kufufuta mmene mukufunira, ngakhale kuti aliyense angathe kuliona. Magetsi ndi netiweki sizidalirika, choncho sungani pafupipafupi, ndime iliyonse ikatha. Mukalemba kwa ola lathunthu osasunga, nthawi zina tsamba limakana kusunga chifukwa kulowa kwanu kwatha mphamvu. Musanadine batani losungira, koperani zonse mwalembazo kuti zikavuta mungomatanso.

Titenge chitsanzo cha Chongoni. Chiganizo choyamba chiyenera kunena chinthucho kuti n'chiyani ndipo chili kuti, mutu wake uli m'zilembo zakuda kwambiri:

'''Chongoni''' ndi dera la mapiri ndi nkhalango m'boma la [[Dedza]], m'chigawo chapakati cha [[Malawi]], lodziwika ndi zojambula zakale za pamiyala. Bungwe la [[UNESCO]] linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo lili ndi malo 127 a zojambulazo.

Onani zizindikirozo, ndi za njira yachiwiri yokonzera ija. Timitengo titatu mbali zonse timadetsa mawu. Mabulaketi awiriawiri amapanga linki yopita ku nkhani ina: ikakhala yabuluu nkhaniyo ilipo, ikakhala yofiira sinalembedwe. Linki yofiira si cholakwa, imaonetsa ntchito yotsala, ndipo Special:WantedPages imasonkhanitsa mitu yotere. Ikani linki pa mawu koyamba kokha, osati paliponse pamene abwera.

Mitu ya zigawo imalembedwa pa mzere wakewake chonchi: == Mbiri ==. Pa nkhani ya Chongoni mungakhale ndi chigawo cha zojambula zofiira zimene akatswiri amati anajambula Abatwa, alenje akale a m'derali, china cha zojambula zoyera za alimi a Chichewa zokhudzana ndi chinamwali ndi Nyau, ndi china cha malo amene alendo amafikako monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Taonani mawu akuti "akatswiri amati". Pamene mfundo ili maganizo a ofufuza, inenedwe choncho, ndipo ndi bwino kutchula ofufuzawo monga gwero lanu lawatchulira.

Gwero limaikidwa pambuyo pa mpumiro wa chiganizo chimene likuchichitira umboni, pakati pa <ref> ndi </ref>. Mkatimo lembani mlembi kapena bungwe, mutu, chaka, tsamba kapena linki, ndi tsiku limene munawerenga. Ngati gwero lomwelo mulitchula kangapo, koyamba lembani <ref name="unesco"> ndi zonse zija, kenako kwinako muzingolemba <ref name="unesco" />. Pansi pa nkhani ikani mutu wa magwero ndi mzere wakuti <references /> kuti onse aoneke pamodzi. Cholakwa chofala kwambiri ndi kuiwala kutseka ndi </ref>. Zikatero theka la nkhani limazimiririka kapena pamatuluka uthenga wofiira. Nkhaniyo sinatayike. Bwererani, mupeze pamene pasowa chotsekeracho. Mu VisualEditor ntchito yonseyi imachitika ndi batani la "Cite".

Musakopere matempuleti a ku Wikipedia ya Chingerezi, mawu a m'mabulaketi opiringizika amene amatulutsa zinthu monga bokosi la chidule la pambali pa nkhani, poganiza kuti agwira ntchito. Tempuleti iliyonse imakhala pa Wikipedia yake. Ngati pa ya Chichewa palibe, mudzangoona linki yofiira pamalo pa bokosi lokongola lija. Nkhani yopanda bokosi koma ya magwero abwino ndi yokwanira.

Za chilankhulo: lembani Chichewa chimene mphunzitsi wa ku Kasungu, mlimi wa ku Chipata ndi wophunzira wa ku Angónia angamve onse. Mawu obwereka amene anazolowereka, monga sukulu, boma, kompyuta, asiyeni choncho. Musapeke mawu atsopano a sayansi. Ngati palibe liwu lodziwika, gwiritsani ntchito la Chingerezilo n'kulifotokoza m'chiganizo chimodzi. Miyambi ndi nthabwala zisungeni, muno simolankhulira pa ukwati. Mukakayika kalembedwe, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ndi wothandiza. Nkhani ya mawu 300 mpaka 500 yokhala ndi magwero atatu ndi poyambira pabwino, ndipo imaposa ya mawu 3,000 yopanda gwero.

Gawo 6: Itulutseni poyera ndi kuilumikiza

Nkhani ikakonzeka, fufuzani mutu wake weniweni m'bokosi lofufuzira. Popeza palibe, mudzaona linki yofiira yokuuzani kuti mungayambitse tsambalo. Idineni, mumatemo zimene munalemba, muone kaye ndi "Show preview", kenako sungani. Mutu ukhale dzina limene anthu ambiri amalidziwa, lopanda maulemu ngati "Olemekezeka" kapena "Dr".

Pakatsala zinthu zitatu zimene oyamba amaiwala. Choyamba, nkhani zina zilozere ku yanuyo: tsegulani nkhani ya Dedza, muikemo linki ya Chongoni, apo ayi palibe adzaipeza. Chachiwiri, ngati mutu uli ndi kalembedwe kena, yambitsani tsamba la kalembedwe kenako lokhala ndi mzere umodzi wokha, #REDIRECT [[Chongoni]], kuti wofufuza azifikabe. Chachitatu, ilumikizeni ndi zilankhulo zina. Pa mndandanda wa zilankhulo pali podina polembedwa "Add interlanguage links" kapena "Add links". Sankhani Chingerezi, mulembe mutu wa nkhani yofanana nayo kumeneko. Kulumikizaku kumasungidwa pa Wikidata, nkhokwe imene inayamba mu 2012 momwe chinthu chilichonse chili ndi nambala yake, monga Malawi amene ndi Q1020. Mukalumikiza, munthu amene akuwerenga nkhani ya Chingerezi amaona kuti ya Chichewa iliponso. Onetsetsani kuti mitu iwiriyo ndi chinthu chimodzi ndithu: tauni ya Dedza ndi boma la Dedza ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Pa Wikipedia ya Chingerezi njira ndi yothina. Akaunti iyenera kukwanitsa masiku 4 ndi kusintha 10 isanaloledwe kuyambitsa nkhani mwachindunji, ndipo kumeneko amaunika kwambiri ngati mutu uli woyenera.

Kumasulira nkhani ya chilankhulo china

N'kololedwa, chifukwa zolemba za pa Wikipedia zili pa chilolezo cha CC BY-SA 4.0: aliyense angakopere, kusintha ndi kufalitsa, bola atchule kumene zachokera ndipo zotsatira zake zikhale pa chilolezo chomwecho. Chida chake ndi Special:ContentTranslation. Chimaika nkhani yoyambirira kumanzere, yanu kumanja, chimasamutsa magwero ndi malinki, ndipo chimalemba chokha kumene nkhani yachokera. Mukamasulira pamanja osagwiritsa ntchito chidachi, lembani m'kabokosi ka chidule kuti mwamasulira kuchokera ku nkhani yakuti ya Wikipedia yakuti.

Chidachi chimaperekanso kumasulira kwa makina, ndipo apa m'pamene Wikipedia zing'onozing'ono zimaonongekera. Makina amasokoneza magulu a mayina, amatanthauzira mayina a malo ngati mawu wamba, ndipo nthawi zina amatembenuza tanthauzo, "sichifalikira" n'kukhala "chimafalikira". Pa nkhani ya matenda kapena mankhwala cholakwa chotere chingavulaze munthu. Chidacho chimachenjeza, ndipo chimatha kukana kusindikiza ngati simunasinthe zambiri, koma kusintha mawu awiri atatu kuti chikuloleni n'kudzinamiza. Werengani ndime ya Chingerezi, muimvetse, muilembe mwa inu nokha. Simukakamizidwa kumasulira nkhani yonse: chiyambi ndi zigawo ziwiri zofunika kwa owerenga athu n'zokwana.

Zithunzi

Zithunzi zimaikidwa pa commons.wikimedia.org, ndipo kuchokera kumeneko Wikipedia zonse zimatha kuzigwiritsa ntchito. Yambani mwafufuza ngati chilipo kale. Ngati palibe, ikani chimene munajambula nokha, podzera pa "Upload file". Mwini chithunzi ndi amene anajambula, osati amene ali pachithunzipo kapena mwini foni. Chithunzi chotapa pa Google, pa Facebook kapena m'nyuzipepala chidzafufutidwa, ndipo mukabwereza kangapo akaunti imatsekedwa. Ngati anajambula ndi mnzanu, chapafupi n'chakuti atsegule akaunti yake aike yekha.

Ikani fayilo yochokera m'kamera mwachindunji. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimachepetsedwa ndipo chimataya zizindikiro za kamera ndi tsiku, ndiye oyang'anira amachikayikira kuti ndi chotapa. Chipatseni dzina lomveka, monga "Msika wa Lizulu, 2024.jpg", osati manambala a foni aja. Dziwaninso kuti chilolezo chimene mukupereka sichibwezedwa, ndipo chimalola ngakhale amalonda kugwiritsa ntchito chithunzicho bola akutchuleni. Anthu ooneka nkhope, makamaka ana ndi odwala, apempheni kaye. Za kudambwe ndi kutsimba zimene eni mwambo salola kujambula, musajambule. M'nkhani chithunzi chimalowa chonchi: [[File:dzina la fayilo.jpg|thumb|mawu ofotokoza]]. Dzinalo likhale ndendende, chifukwa .jpg ndi .JPG kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri.

Wina akabweza zimene mwalemba

Zidzachitika. Tsegulani mbiri ya tsamba, muwerenge chifukwa chimene walemba. Musabwezerenso pompo. Pitani pa tsamba lokambirana la nkhaniyo, mufotokoze mwaulemu ndi kuonetsa gwero lanu, ndipo musaine ndi zizindikiro zinayi izi ~~~~ zimene zimasanduka dzina lanu ndi nthawi. Kubwezerana kumatsekeretsa onse awiri. Pa ya Chingerezi, kubweza koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24 n'kokwanira kukutsekerani ngakhale mukhale kuti mukunena zoona.

Pa nkhani za anthu amoyo lamulo ndi lolimba zedi. Mawu onena kuti munthu anaba, anamangidwa kapena akudwala, opanda gwero lodalirika, achotseni nthawi yomweyo osadikira kukambirana. Manambala a foni ndi malo okhala anthu asalembedwe n'komwe. Popeza Wikipedia ya Chichewa ili ndi oyang'anira ochepa, amene amathandiza kuchotsa masamba achipongwe kapena otsatsa malonda ndi oyang'anira a Wikipedia zing'onozing'ono zonse, amene mumawapeza pa meta.wikimedia.org. Kuyang'ana Special:RecentChanges kamodzi pa sabata ndi ntchito yaing'ono imene imagwira zambiri zotere.

Kuwerenga popanda intaneti

Kusukulu kapena kuchipatala kumene netiweki kulibe, kapena bandulo ikudula, pali Kiwix. Ndi pulogalamu yaulere ya pa foni ndi pa kompyuta imene imatsegula mafayilo otchedwa ZIM, momwe muli Wikipedia yathunthu kapena gawo lake. Ikani pulogalamuyo, mutsegule laibulale yake muli pa Wi-Fi, musankhe chilankhulo ndi fayilo. Mafayilo amabwera m'mitundu itatu: "maxi" wokhala ndi zithunzi, "nopic" wopanda zithunzi, ndi "mini" wokhala ndi chiyambi chokha cha nkhani iliyonse. Wikipedia yonse ya Chingerezi ndi zithunzi imaposa 100 GB, choncho pa foni sankhani zigawo monga zaumoyo, masamu kapena sayansi. Ya Chichewa ndi yaing'ono, imakwana pa foni iliyonse.

Fayilo ikatsitsidwa kamodzi, igaweni pa memory card kapena pa flash osalipiranso data. Koma khadi kapena flash yokonzedwa mwa mtundu wa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB: kukopera kumaima panjira ngakhale malo alipo. Ikonzeni mwa exFAT, mutasamutsa kaye zimene zilimo chifukwa kukonzako kumafufuta zonse. Kompyuta imodzi yokhala ndi Kiwix ingathenso kugawira mafoni ndi makompyuta ena a m'chipinda kudzera pa Wi-Fi ya pamalopo popanda intaneti. Fayilo ya ZIM siisintha yokha, imaonetsa Wikipedia monga inalili mwezi umene inapangidwa, ndipo mweziwo umalembedwa kumapeto kwa dzina la fayilo. Nkhani imene mwalemba lero idzaoneka mu Kiwix pokhapokha fayilo yatsopano ikatuluka ndipo mwaitsitsanso.